Ndowa Zanga Zili M'mwamba

Saint-Honoré, Beauce
Lachiwiri, 6 Epulo 1954

Okondedwa achimwene a Rosaire,

Mundikhululukire pokuvutitsani ndi kalata yaitali chonchi, inu muli otopa kale ndi ntchito ya kufakitale ya nsalu. Ndikudziwa kuti mukaweruka mumafuna kungovula nsapato n'kukhala phee. Ndikanakhala ndi wina womulembera, sindikanakusokonezani.

Muli bwanji kumeneko ku Lewiston? Alamu a Simone chifuwa chija chinawasiya? Nanga ana, Huguette ndi Marcel, akukula bwino? Kuno Amayi ali bwino, kungoti mawondo. Mwendo wa Bambo, uja unathyoka atagwa pa madzi oundana mu Febuluwale, ukulumikizana pang'onopang'ono. Akutha kuchoka pabedi kufika pampando wapafupi ndi mbaula, koma panja sanatulukebe. Ine m'thupi ndili bwino, mtima ndiwo sukukhala pansi. Ndikulemba ndili m'kanyumba kathu kophikira shuga, pepala lili pabondo, ndipo ndikumadzuka kukayang'ana moto. Mukaona mizere yakhota musadabwe.

Ndili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi ya ana. Alamu analemba kuti asisitere a kusukulu anamuuza Huguette kuti afotokozere anzake mmene kwawo kwa bambo ake amapangira shuga wa mitengo ya mapulo, ndipo mwanayo anangoti kukamwa yasa, poti iye shuga amamuona atafika kale m'phukusi. Yachiwiri ndi yanu nokha. Ikukhudza mitengo yomweyo, imene mwina chaka chamawa sidzakhalapo. Ndiyamba ndi ya ana chifukwa ndiyo yosavuta.

Iwe Huguette, ndi iwe Marcel, khalani pansi mumvere azakhali anu.

Kuseri kwa khola la agogo anu kuli kaphiri kodzaza mitengo ya mapulo. Nthawi yotentha masamba ake amagwira dzuwa, mtengo n'kumasunga kutsekemera m'thunthu ndi m'mizu, ngati mmene amayi anu amasungira zipatso m'mabotolo. Nyengo yozizira yonse mtengo umagona. Ndiye mu Malichi, akhwangwala akabwerera, usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, masana dzuwa n'kusungunula. Kusinthasintha kumeneko ndiko kumadzutsa madzi a mumtengo kuti ayambe kuyenda. Kukazizira usana ndi usiku, palibe chotuluka. Kukafunda usana ndi usiku, palibenso.

Timaboola kabowo kamodzi pa thunthu, kakuya ngati chala chako chachitali, Huguette, kolozetsa m'mwamba pang'ono kuti madzi azitsika okha. Timakhomamo kampopi kachitsulo, n'kukolekapo ndowa. Ukaima chete m'nkhalangomo umamva tho, tho, tho, mbali zonse.

Marcel, ndikudziwa ufunsa ngati mtengo umamva kuwawa. Sindikudziwa, mwana wanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti bowolo limapola ngati bala, koma pamalopo sipatulukanso madzi. N'chifukwa chake mtengo waung'ono sitiukhudza, umadikira zaka pafupifupi makumi anayi. Ina mwa mitengo yathu anayamba kuiboola ndi agogo a bambo anu.

Madziwo musaganize kuti amatuluka ali manyuchi. Ndi oyera ngati a pachitsime, ndipo kutsekemera kwake kumamveka pang'ono chabe, ukameza. Timayenda mtengo ndi mtengo kukhuthulira ndowa mumgolo umene uli pa chileyi, hatchi n'kukokera kuno ku kanyumba. Muno muli chiwaya chachitali kuposa bedi, pansi pake pali ng'anjo. Ndowa makumi anayi za madzi zimatulutsa ndowa imodzi yokha ya manyuchi. Ena onsewo amathawira kudenga ali nthunzi, mpaka munthu amene waima tsidya lina la chiwaya sumuona, umangomva akutsokomola.

Madzi akamawira amachita thovu lofuna kusefukira. Ndiye pamwamba pa chiwaya timapachika kachidutswa ka mafuta a nkhumba pa chingwe. Thovu likangokakhudza, limabwerera pansi ngati galu wokalipiridwa. Agogo anu ena, a Tancrède, akuti asisitere akafunsa ngati mafuta a nkhumba ndi ololedwa pa Lenti, uwauze kuti bambo mfumu athu amanyambita manyuchiwo osafunsa. Koma zimenezo usakanene, ndangolemba poti andikakamiza.

Udziwa bwanji kuti apsa? Umatunga ndi chipande n'kuchipendeketsa. Akamagwa madontho, sanapse. Akamatsika mogwirana ngati kansalu, apsa. Umasefa pa nsalu yaubweya, amenewo ndiwo manyuchi. Ukawaphikanso pang'ono mumphika wina n'kuwathira pa chipale chofewa choyera bwino, amalimba ngati phula. Umakulunga pa kamtengo n'kudya mpaka mano kumatana. Ukapitirizabe kuphika, umaviikamo mthiko wokhala ndi bowo n'kuuzira pabowopo. Pakatuluka thovu lalikulu losaphulika msanga, phula mphikawo pamoto, usachedwe. Kenako umatakasa, kutakasa, mpaka mkono kuwawa, manyuchi n'kusanduka ngati mchenga wonyowa. Pamenepo umathira m'zikombole zamatabwa zija anasema agogo anu, cha mtima, cha tchalitchi, cha tambala. Akazizira, ndiye shuga amene mumapala ndi mpeni pa buledi.

Zonsezi zimatenga masabata anayi, mwina asanu. Achule akayamba kulira, nthambi zikatupa kufuna kuphukira, madzi amayamba kuwawa. Timazula timipopi, n'kutsuka ndowa, basi. Ukanene choncho, Huguette, ndipo polankhula usayang'ane pansi ngati azakhali ako.

Achimwene, ana alekereni pomwepa. Zotsatirazi muwerenge nokha.

Kumayambiriro kwa Malichi kunabwera a Bolduc, aja amagula mitengo yocheka matabwa. Anakhala ndi Bambo pafupi ndi mbaula, chipewa pabondo, n'kumayamikira kuti mapulo athu ndi owongoka, angatuluke matabwa abwino oyala pansi m'nyumba za m'tauni. Bambo anati aganiza kaye, komanso poti malowa adzakhala anu, sangadule mtengo popanda mawu anu. A Bolduc anati abweranso Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka, pa 20, kudzamva yankho.

Atachoka, Bambo anati mwendo wawowu sudzakweranso kaphiri kaja, mwana wamwamuna ali ku Amereka, ndiye mitengo izingoimirira chifukwa chiyani. Mukundidziwa, achimwene, ine patebulo sindilankhula. Koma tsiku limenelo ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu akuti ndiboola ine. Amayi supuni inawagwa. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, amvekere, "Noëlla, kunyamula ndowa ndi kuphika ndi ntchito ziwiri. Ukapsereza chiwaya chija, watipha." Kenako anati chita zimene ukufuna, n'kutembenukira ku mbaula.

Amalume a Tancrède anavomera kuyendetsa hatchi ndi kusonkha moto, koma anati msana wawo sulola zoboola. Kuboola ndinapita ndekha, kuyambira tsiku la Yosefe Woyera monga amachitira Bambo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Chaka chino chipale chinagwa chambiri, m'nkhalango chinakwirira mpanda wonse. Ine ndinkayenda pamwamba pake ndi nsapato zoluka zija zoyendera pa chipale, osaganiza n'komwe kuti nthaka ili kutali pansi pa mapazi anga. Zaka zonsezi ndinkabwera Bambo ataboola kale, chipale chitatsika, ndowa n'kuzipeza zili pachifuwa panga. Ndiye ndinadula kamtengo kofika pachifuwa, n'kumayezera pa mtengo uliwonse, kuti Bambo akadzamva adzati mwanayu ndi waudongo, ndowa zonse zili mzere umodzi. Mitengo mazana anayi, masiku anayi, manja kuchita matuza. Palibe anandiuza kuti chipale chikakhala chakuya munthu amagwada n'kuboola pansi penipeni, pafupi ndi nsapato zake. Inu mumadziwa zimenezi. Aliyense amadziwa, n'chifukwa chake palibe ananena.

Masiku awiri oyamba zinayenda bwino. Kenako kunagwa mvula yofunda masiku atatu, chipale n'kutsika, kutsika. Loweruka titapita ndi amalume, ndinaima pansi pa mtengo woyamba n'kuyang'ana kumwamba. Ndowa ili uko. Nditatambasula mkono ndinangokhudza kunsi kwake ndi nsonga za zala. Wachiwiri chimodzimodzi. Onse mazana anayi, mzere umodzi, monga ndinafunira.

Amalume anaseka mpaka kugwirira hatchi kuti asagwe. Amvekere, "Mphwanga, iwe waboolera angelo eti?" Kenako anati njira ndi imodzi yokha, ndikwatiwe ndi mwamuna wamtali Pasaka isanafike, ndipo iwo akudziwa wina ku Saint-Martin amene amawerama polowa m'tchalitchi. Ine sindinaseke. Ndinati tiboolenso pansi. Pamenepo anasiya kuseka. Anati ayi, mabala awiri chaka chimodzi pa mitengo yokalamba chonchi ndi kuifooketsa, bambo ako angakukhululukire ndowa koma osati zimenezo.

Tinagwirizana ndi Amayi kuti Bambo asamve. Koma msewu wa a Philémon Quirion, oyandikana nafe aja, umadutsa m'mphepete mwa nkhalango yathu. Lamlungu titachoka ku Misa anabwera kudzazonda mwendo wa Bambo, ndipo asanavule n'chikhoti chomwe anayamba kale. Amvekere kwa Bambo, "Onésime, ndaona zodabwitsa! Kwanu kuno ndowa zikukwera mitengo ngati agologolo!" Anatinso chaka chamawa tidzabwereke makwerero a ozimitsa moto. Ankaseka okha, Amayi akupukuta mbale imodzimodziyo, ine nditaima kuseri kwa chitseko. Bambo sanaseke. Mukudziwa mmene amadana ndi kusekedwa ndi a Philémon.

Mlendo atapita anandiitana, anati tenga cholembera ndi pepala. Poti iwo salemba, makalata awo onse amadutsa m'dzanja langa. Anandiuza kuti ndilembe kwa inu kuti aganiza zogulitsa mitengo kwa a Bolduc, kuti pakhomo pano palibe woisamala, ndipo inu mungoyankha kuti mwavomera. Ndinalemba liwu ndi liwu, sindinasinthe kanthu, Mulungu ndi mboni. Anaikapo mtanda wawo m'malo mosaina, ndinamata envelopu, anati mawa ukaponye.

Achimwene, sindinaponye. Ndinafika nayo mpaka ku positi, ndinagula ndi sitampa yomwe, n'kubwerera nayo. Yakhala m'buku langa la Misa masiku asanu ndi anayi.

Dikirani, thovu lakwera.

Ndabwera. Masiku onsewa ndakhala ndikuyenda ndi makwerero aafupi aja a m'khola. Kuimika, kukwera, kuchotsa ndowa, kutsika nayo, kukhuthula, kukweranso kukaibwezera, kusenza makwerero kupita pa mtengo wina. Pansi pali matope ndi chipale chosungunuka, ndiye makwerero amamira mwendo umodzi. Madzi amatsikira m'manja mwa malaya mpaka m'khwapa. Ntchito imene Bambo ankamaliza nthawi ya chakudya chamasana isanakwane, ine ikumanditengera pafupifupi tsiku lonse, ndipo mitengo ya kumtunda ndowa zake zimasefukira ndisanafike. Ndikamva madzi akutayikira pansi ndimafuna kuthamanga, koma ndi makwerero paphewa munthu sathamanga.

Tikumachita tsiku lina kusonkhanitsa, tsiku lina kuphika. Kuphikako ndikuphika ndekha, amalume amangoponya nkhuni ndi nthabwala. Ndili ndi kamtengo kena koyezera kuya kwa madzi m'chiwaya, ndipo amalume akuti ndimakaviika kambiri kuposa mmene bambo mfumu amaviikira chala m'madzi odalitsa. Aseke, bola madzi asaphwe. Mmawa uliwonse ndikadzuka ndimayamba ndathamangira kukayang'ana chomwera ng'ombe ngati chaundana. Chikaundana ndimadziwa kuti mitengo idontha. Chikapanda kuundana ndimapita kukathyola kanthambi kuona ngati katupa, ngati kuti kuyang'ana kwangako kungakaletse.

Koma chondisowetsa mtendere kwenikweni si makwerero. Tsiku lililonse ndikalowa m'nyumba Bambo amafunsa ngati Rosaire wayankha, ine n'kumati sanayankhe. Mawuwo ndi oona, koma ndi bodza, ndipo tili pa Lenti. Lachisanu ndinakaima pamzere wa kulapa, itatsala pang'ono nthawi yanga ndinatuluka, poti ndinadziwa kuti bambo mfumu andiuza kuti ndikaponye kalatayo.

Dzulo ndinapanga shuga woyamba. Mmawa uno ndinatenga wa m'chikombole cha tchalitchi n'kukamuika patebulo pafupi ndi Bambo. Anamutembenuza, anamugogoda ndi chala, anatulutsa mpeni wawo n'kupala pang'ono pakona. Anatafuna nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti anenepo kanthu za shugayo, koma iwo amvekere, "Mwana uja ku Amereka wafa kapena? Masiku onsewa osayankha?"

Ndinalephera kupirira. Ndinakatenga buku la Misa, n'kutulutsa envelopu, n'kuiika pambali pa shugayo.

Amayi anayamba kunena kuti Onésime, mwanayu, koma Bambo anakweza dzanja. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti wobisa makalata a anthu boma limamumanga. Ndinati ndikudziwa. Anafunsa kuti ndagwa kangati pa makwerero. Sindikudziwa anawauza ndani. Ndinati kanayi. Amvekere, "Ukanagwada kamodzi, sukanagwa kanayi." Ndinati inde, Bambo. Kenako ndinanena zimene sindinanenepo kwa munthu: kuti mitengoyo ndikuifuna, kuti chaka chamawa ndidzagwada, kuti sindikufuna kupita ku mzinda wa Québec kukachapa zovala m'nyumba za anthu ngati anzanga, ine ndikufuna kaphiri kaja. Ndinanena ndikuyang'ana pansi, koma ndinamaliza.

Chikuni china chinagwa mumbaula. Ndiye Bambo anati matula envelopuyo. Ndinaganiza kuti aiponya pamoto, koma ayi. Anati zimene ananena sakubweza, munthu wamkulu sabweza mawu ake chifukwa cha kachidutswa ka shuga. Anangoti ndiwonjezere mzere umodzi pansi pa mtanda wawo. Muupeza pamenepo, inki yake ndi yatsopano: "Mlongo wako anaboola pamwamba ngati chitsiru, koma chiwaya sanapsereze." Kenako anati ulembenso yako, umuuze zonse, za ndowa usabise, mwini malo aweruze yekha. Shuga uja anamuika m'thumba la malaya awo, osagawirako ngakhale Amayi.

Ndiye makalata ndi awiri mu envelopu imodzi. Ya Bambo ikupempha kuti muvomere kugulitsa. Yanga ikupempha kuti mukane.

Sindikukupemphani kuti mubwerere kumudzi, ndikudziwa kuti moyo wanu ndi wa ana uli kumeneko. Sindikulonjezanso kuti chaka chino nditulutsa manyuchi ochuluka ngati mmene ankatulutsira Bambo. Mwina theka, poti ambiri amwedwa ndi nthaka ndi malaya anga. Ndikungopempha kuti mulembe kuti mitengo idikire chaka chimodzi, ndiyesenso. A Bolduc akadzaifunabe chaka chamawa adzaipeza ili pomwepo, siithawa. Koma ikadulidwa, palibe amene angaidzutse.

Mukaona kuti Bambo akulondola, lembani choncho. Ndidzawawerengera mmene mwalembera, liwu ndi liwu. Kalata ya munthu sindidzabisanso.

Mundiperekere moni kwa alamu a Simone, ndipo muwathokoze chifukwa cha nsalu ija ananditumizira. Ana muwapsompsone. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda popita ku ntchito. Ambuye akusungeni nonse, ndipo Amayi Maria akuyang'anireni pafupi ndi makina aja.

Kalata imatenga masiku anayi kupita, anayinso kubwera, ndipo pakati apa pali Sabata Loyera. A Bolduc abwera pa 20. Chonde, achimwene, yankhani tsiku lomwelo limene mwalandira, ngakhale mizere iwiri, ngakhale ndi pensulo. Amalume akumangirira kale hatchi panjapa. Iyi ndiwapatsa iwo kuti akaponye okha, poti dzanja langa sindikulikhulupirira. Yankhani msanga.

Ine mlongo wanu,
Noëlla